Chingwe cha faiba m'munda wothirira ku Ngabu: momwe zayendera kuyambira Juni

3 Juni 2024: cholinga ndi katundu

Munda tikugwiramo ntchitowu ndi wa kalabu ya alimi othirira, kummawa kwa Ngabu ukamatsikira kumadimba. Amapopa madzi ndi injini n'kuwalowetsa m'ngalande za pakati pa mizere. Ngalande iliyonse ndi yotalika mamita 60 ndipo imadutsa m'mapuloti a anthu atatu. Mkangano wa pa kalabupo susintha chaka ndi chaka: akumtunda kwa ngalande amati madzi akukwana, akumunsi amati chimanga chawo chikumapota masamba dzuwa lisanafike n'pamutu pomwe. Ife tikufuna tione pamene madzi amalekezera, mita ndi mita, osati mongoganizira.

Timakina toyezera chinyontho tozika m'dothi tinatisiya dala. Timayeza malo amodzi okha, komanso timasokonezeka ndi dongo ndi mchere, ndipo kuno kuchigwa aliyense amadziwa kukoma kwa madzi a m'mijigo yambiri. Choncho tasankha njira ya chingwe cha faiba. Makina ake, omwe amatchedwa DTS, amaponya kuwala kwa laser mu kaulusi kagalasi ka mkati mwa chingwe. Kuwala kwina pang'ono kumabwerera, ndipo gawo lake lina limakula chingwe chikatentha. Ndi zija anatulukira C. V. Raman wa ku India mu 1928. Nthawi imene kuwalako kwatenga kuti kubwerere ndi yomwe imauza makina malo ake. Kuti tidziwe chinyontho, timatenthetsa chingwecho ndi magetsi kwa kanthawi. Madzi amadutsitsa kutentha kuposa mpweya maulendo opitirira 20, ndiye chingwe chomwe chili m'dothi lonyowa sichitentha kwambiri, pomwe cha m'dothi louma chimapsa. Zamkalasi zithere pomwepa.

Makinawo ndi obwereka. Mtengo wake ndi madola masauzande makumimakumi, sitikanawakwanitsa. Amene anatibwereka anatumizanso chingwe cha mamita 200 chokutidwa ndi chitsulo komanso pulasitiki kunja, chokhala ndi tiulusi tiwiri ta mtundu wa multimode, tomwe mkati mwake modutsa kuwala ndi motakasuka. Zogula tokha: mabokosi awiri osungiramo zozizira K90,000, timapampu tiwiri ta m'thanki ya nsomba K24,000, mawaya a kopa ndi swichi yozimitsa magetsi akathawira pansi K71,000, mapaipi a PVC K18,000. Jenereta ya 2.5 kVA ndi ya mmodzi wa mamembala, timangothira petulo, yemwe mu Juni 2024 anali pa K2,530 pa lita.

17 Juni: kukumba ndi kukwirira

Anyamata anayi aganyu akumba mchera wa mamita 60 motsata ngalande ya pakati pa munda, kuya kwake masentimita 40. Tawalipira K48,000 ndi nsima ya masana. Chingwe chapita pansi penipeni, takwirira pang'onopang'ono tikupondaponda, kenako chabwerera pa masentimita 15. Ndiye kuti mamita 120 ali m'dothi, otsalawo ndi opita ku kashedi ka makina ndi ku mabokosi aja.

Pokumba taona chinthu chomwe pamwamba sichioneka. Mamita 22 oyambirira ndi mchenga umene madzi osefukira a namondwe Freddy anasiya mu Malichi 2023, wochindikala pafupifupi chikhatho ndi theka, wosakanikirana kale ndi dothi chifukwa cha khasu. Kuchokera pamenepo mpaka kumapeto ndi makande enieni, akuda bii, omata pa fosholo. Munda umodzi, madothi awiri. Izi zitivutitsa mtsogolomu.

Chenjezo kwa ofuna kuyesa: chingwechi sichifuna kupindidwa mwamphamvu. Pokhotera pa mita 60 tapanga uta waukulu ngati kukamwa kwa ndowa. Mmodzi wa anyamata anafuna kuchikoka ndi piki chitakodwa pa muzu, mwamwayi tcheyamani wa kalabu anamuona. "Iwe mwana, chimenecho si chingwe chomangira ng'ombe!"

2 Julayi: mabokosi a madzi

Makina a DTS paokha sapereka madigiri olondola. Amafuna malo odziwika kutentha kwake kuti aziyerekezera. Takulunga mamita 15 a chingwe m'bokosi lililonse, lina la madzi a ayisi, lina la madzi ofunda, ndipo m'bokosi lililonse muli choyezera kutentha chake cha PT100.

Tsiku loyamba manambala a m'bokosi lozizira amavina: mbali ina ya mkulungo ikuti madigiri 1, ina ikuti 4. Vuto silinali la makina. Madzi akangokhala phee amadzigawa, apansi ndi apamwamba amasiyana kutentha. Titayatsa kapampu ka nsomba kaja kuti kazitakasa, mzere unawongoka. Mkulungo usagunde makoma a bokosi. Ife taumangirira pa kabasiketi kapulasitiki ndi timalamba.

Ayisi tikugula pa Ngabu kwa amayi ena ogulitsa mafirizesi, mbulu umodzi K1,500. Mu Julayi muno, ndi mphepo ya mwera, mibulu itatu ikufika mmawa. Mu Okutobala tidzaona.

Ntchito ina ya lero inali yodziwa kuti mita yakutiyakuti pa kompyuta ili pati m'munda. Tinasiya malo asanu pomwe chingwe chimatulukira kunja m'kapaipi. Wina amakulunga nsanza yoviika m'madzi otentha pamalopo, ine n'kumaona pamene mzere watumphuka. Pomwe tepi imati mita 30, makina amati 71.5, chifukwa amawerengera ndi za m'mabokosi zomwe. Tazika zikhomo ndi kulemba manambala onse awiri ndi penti.

20 Julayi: kutenthetsa koyamba

Tasenda pulasitiki pa malo awiri, poyambira ndi pothera pa mamita 120 aja, n'kumangirira mawaya a kopa pa chitsulo cha chingwe. Multimeter, choyezera za magetsi, ikuti kukana magetsi kwa chitsulocho ndi 48 ohm, kapena kuti 0.4 pa mita. Pa mavolti 230 izi zikupereka mawati pafupifupi 1,100, omwe ndi mawati 9 ndi pang'ono pa mita iliyonse. Timayatsa kwa mphindi 15, usiku, dzuwa litasiya kusokoneza dothi lapamwamba. Udzudzu wa kumadimba sufuna kufotokoza, bweretsani masokosi ndi malaya a manja aatali.

Usiku woyamba zinayenda. Wachiwiri, munda womwewo, osathirira, manambala anatsika paliponse ngati kwagwa mvula. Chinachitika n'chakuti anzathu ogona pa shedi analumikiza ketulo ku jenereta yomweyo, mavolti n'kugwa kufika 205. Zimaoneka zochepa, koma mphamvu yotenthetsa imatsata mavolti kuchulukitsa ndi mavolti omwewo: pa 205 tikupeza mawati 875 basi, kutaya gawo limodzi mwa magawo asanu. Chingwe sichinatenthe mokwanira, kompyuta n'kumati dothi lanyowa.

Ketulo taichotsa, koma sitikudalira zimenezo zokha. Tagula kamita kosonyeza mavolti ndi ma amp, K16,000, ndipo timalemba manambala ake mphindi iliyonse pa nthawi yotenthetsa. Kukwera kwa kutentha timakugawa ndi mawati enieni a usiku umenewo. Popanda kope limeneli zoyeza za masiku awiri osiyana simungaziyerekeze.

Za chitetezo sitikunyengerera. Magetsi a 230 akuyenda m'munda wonyowa momwe masana mumadutsa ana ndi mbuzi. Swichi yozimitsa magetsi akathawira pansi ija, ya 30 mA, timaiyesa tisanayatse, wina amaima ndi tochi kumapeto, ndipo tikamaliza mawaya timawazula ku jenereta n'kuwatsekera m'bokosi la loko.

9 Ogasiti: zitini

Makina amangotiuza kuti pano chingwe chakwera madigiri 4, apo 9. Kuti madigiriwo asanduke chinyontho pamafunika ntchito yamanja. Mmawa uliwonse wotsatira usiku woyeza timaboola dothi pafupi ndi zikhomo, chikhatho chimodzi kuchokera pa chingwe, n'kuika m'zitini zotsekeka, kumata ndi tepi, kuyeza pa sikelo nthawi yomweyo. Zikachuluka timakwera nazo Thabwa kupita ku labotale ina kumtunda, komwe amaziumitsa mu uvuni pa madigiri 105 kwa maola 24. Chitsanzo chimodzi cha m'makande: chitini magalamu 30, ndi dothi lonyowa 186, litauma 151. Madzi anali magalamu 35 pa dothi louma 121, omwe ndi 29 pa 100 alionse. Ulendo umodzi, thiransipoti ndi zolipira ku labotale, ukutidya pafupifupi K40,000.

Titaika zotsatira pa galafu imodzi zinangomwazika. Titapatula za mumchenga ndi za m'makande, mizere iwiri inaoneka bwinobwino. Mchenga wokhala ndi madzi 12 pa 100 umaziziritsa chingwe kuposa makande okhala ndi 25, chifukwa timiyala ta mumchenga timadutsitsa kutentha kwambiri kuposa dongo. Amene angatenge galafu ya dothi lina n'kuigwiritsa ntchito m'munda mwake adzalangiza anthu zabodza, ali ndi makina odula m'manja.

China chomwe galafu ikuonetsa: njirayi ili ndi maso akuthwa ku mbali youma, koma ku mbali yonyowa imachita khungu. Kusiyana kwa dothi louma ndi lachinyontho ndi madigiri angapo. Kusiyana kwa lonyowa ndi lonyowa zedi sikufika n'theka la digiri. Kwa ife zili bwino, popeza funso lathu ndi loti ndani akumanidwa madzi.

28 Ogasiti: khasu

Mzere pa kompyuta wathera pa mita 38 ya chingwe chapamwamba. Mnyamata wolembedwa ganyu yopalira sanauzidwe kanthu, khasu linalowa. Mwini puloti anabwera yekha kudzanena, nkhope ili pansi. "Achimwene, pepani, ine ndinali kumaliro ku Bangula, mwanayo sindinamulangize." Palibe mlandu, masentimita 15 ndi kuya kwa khasu ndithu.

Kaulusi kagalasi sungakamange mfundo. Tinaitana mmisiri wina wa ku Blantyre amene amalumikiza zingwe za intaneti, anabwera ndi makina ake owotcherera. Kawiri konse analumikiza koma kuwala kumatayika kwambiri pamalopo. Iye anazolowera faiba ya single mode, ya mkati mwa mamaikironi 9, pomwe yathu ndi ya 50, ndipo makina ake anali otcheredwa za ntchito yake ya tsiku ndi tsiku. Atasintha n'kuika pa multimode zinatheka. Fumbi nalo ndi mdani, tinachita kumutchingira ndi zitenje. Zonse, ndi thiransipoti yake, K85,000.

Ngakhale polumikiza pakhale pabwino, pamasiya kasitepe pa mzere wa kutentha: zonse za kuseri kwake zinakwera ndi pafupifupi theka la digiri. Mmisiri ali pomwepo tinamupempha alumikize tiulusi tiwiri tija kumapeto kwa chingwe kuti kuwala kuzitha kulowera mbali zonse ziwiri. Makina akamayeza uku ndi uku kasitepe kaja kamafafanizika. Tikanadziwa, izi zinayenera kuchitika tsiku lokwirira. Chitsulo chakunja tachilumikiza ndi kopa, tamata ndi utomoni n'kutsekera m'paipi. Pamzere wonse tazika timitengo topaka laimu.

19 Sepitembala: yankho la kalabu

Tayeza usiku, tsiku lothirira lisanafike, kenako usiku wotsatira atathirira. Pa masentimita 15 ngalande yonse yanyowa, kuyambira kumtunda mpaka kumunsi, n'chifukwa chake akumtunda amalumbira kuti madzi amafika. Pa masentimita 40 nkhani ndi ina. Mumchenga muja madzi alowa mpaka pansi ndi kupitirira. Kuyambira cha pa mita 41 kupita kumapeto chingwe chapansi sichinasinthe ngakhale pang'ono: chimakwera madigiri 8 madzi asanabwere, chikukwerabe 8. Mchenga wa Freddy ukumwa madzi ambiri asanadutse, ndipo ofika kumunsi akungonyowetsa pamwamba injini n'kuzimitsidwa.

Tinasindikiza galafu n'kupita nayo ku msonkhano pansi pa mtondo. Sinathandize kwenikweni mpaka mayi wina wa puloti yakumunsi atatenga khasu n'kukumba pa chikhomo cha 50 anthu akuona. Pamwamba matope, pansi dothi louma loti gwa. "Bambo tcheyamani, gwirani nokha, musamve za ine." Agwirizana zodula ngalande pakati: paipi ipititse madzi molunjika pa mita 30, mbali iliyonse izithiriridwa payokha. Paipi ya mamita 30 yawadyera K110,000 ya m'thumba la kalabu.

14 Okutobala: ming'alu

Gawo ili ndi lomwe ndikufuna aliyense wa dothi ngati lathu awerenge.

Mafuta asowa m'dziko muno, injini yakhala masiku osapopa. Makande akauma amachita zomwe amachita: ang'aluka. Ndipo mng'alu waukulu kuposa yonse watsata ndendende mchera womwe tinakumba mu Juni. Dothi lokumbidwa n'kubwezeredwa ndi lofooka, ndiye pamene munda ukukokana pouma, umang'ambikira pomwepo. Ndinagwada pa chikhomo cha 45 n'kuwalitsa tochi: mng'alu wolowa zala zitatu, ndipo mkatimo chingwe chili lende, sichikugunda dothi mbali iliyonse, nyerere zikuyenda pamwamba pake.

Usiku umenewo malo amenewo anakwera madigiri 19. Dothi louma kwambiri lomwe tinaliyezapo ndi zitini silinapitirire 10. Mita yoyandikana nayo inati 9, yotsatira 16. Mzere wonse wa m'makande unangokhala mano okhaokha. Chingwe chinasiya kuyeza chinyontho, chinayamba kuyeza mpweya wozungulira icho chomwe. Wongoona manambala ali mu ofesi akanalemba kuti mbewu zafa kale, chonsecho dothi la pakati pa ming'alu, titaliboola, linali ndi madzi 17 pa 100.

Tayesa zinthu zitatu ndipo palibe chomwe chandikhutiritsa kotheratu.

Choyamba, kuzindikira malo onama kuchokera pa manambala okha. Pamene pali mpata, kutentha kumalumpha msanga mu mphindi yoyamba. Pamene chingwe chagundana bwino ndi dothi, kumakwera mwaulemu. Ndiye mita iliyonse yomwe yalumpha kupitirira malire ena mu mphindi yoyambayo timaichotsa. Izi zimagwira, koma usiku wa pa 12 tinataya mamita oposa theka a chingwe chapamwamba cha m'makande. Komanso m'malo moona madigiri onse omwe chingwe chakwera, tayamba kuona mmene chikukwerera kuyambira mphindi ya 5 mpaka ya 15, chifukwa chakumapetoko kutentha kumakhala kwalowa m'dothi lenileni. Zimathandiza pa timipata tating'ono, osati pamene chingwe chalendewera.

Chachiwiri, pa mamita 5 tinafukula n'kugoneka chingwe mumchenga wosefa. Mano aja anatha. Koma tsopano chikuyeza chinyontho cha mchenga womwe tathirawo, ndipo mchenga wozunguliridwa ndi dongo umauma ndi kunyowa mwa njira yakeyake. Mzere wokongola, tanthauzo lochepa. Sindikulangiza.

Chachitatu, pa mamita 10 ena tinaphimbira ndi mapesi mochindikala, ngati amachitira a ulimi wa mtayakhasu. Pamenepa ming'alu ndi yaing'ono ndipo chingwe chapansi sichinavutike. Ichi ndiye chabwinoko, kungoti wayeza munda wophimbira, osati munda wa mlimi amene saphimbira.

Maganizo anga ndi akuti vuto linayambira pa mchera woongoka. Chingwe chiyenera kulowa ndi mpeni wopendekeka, wokokedwa ndi ng'ombe kapena thirakitala, kuti dothi la pamwamba pake likhale losakhudzidwa ndipo mng'alu ukatsata podulapo usafike pa chingwe molunjika. Wowotcherera zitsulo wa pa Ngabu wati atha kupanga ndi K65,000 tikamupezera chitsulo cha sipuling'i ya lole.

Chingwe cha pa masentimita 40 chavutika pang'ono poyerekeza ndi chapamwamba, komabe m'malo awiri mng'alu unachifika.

30 Okutobala: kutentha, ndi kuyeza kopanda jenereta

Kunja kukupitirira madigiri 40 masana. M'kashedi kamalata munafika 47 ndipo makina anadzizimitsa okha. Tafolera udzu pamwamba pa malata, kusiya mpata pakati, ndi kuboola mazenera awiri oyang'anizana, K22,000. Ayisi sakufikanso pakati pa usiku, ndiye bokosi lozizira tangolisandutsa la madzi wamba, lofunda n'kulikweza kufika 45. Chofunika n'chakuti mabokosi awiriwo asiyane mokwanira ndipo kutentha kwa dothi kukhale pakati pawo.

Petulo wa m'zigubu mtengo wake sitingaufike, choncho kutenthetsa tayamba taimitsa. Makina okha amayenda ndi batire ndi sola, ndiye tawasiya aziyeza kutentha kwachilengedwe usana ndi usiku. Kachidutswa ka chingwe komwe tagoneka pamwamba pa dothi losaphimbira kakumafika madigiri 61 chakumasana. Pa masentimita 15 kutentha kumafika pachimake chakumadzulo dzuwa likulowa, ndipo usana ndi usiku zimasiyana madigiri pafupifupi 9. Pa masentimita 40 zimasiyana digiri imodzi yokha, ndipo pamatentha kwambiri pakati pa usiku, anthu ali mtulo. Pansi pa mapesi paja, pa masentimita 15, pakumazizira ndi madigiri 5 kuyerekeza ndi poyera. Alangizi a dera lino atenga galafu imeneyi, ati iwathandiza pokamba za kuphimbira kuposa mapepala omwe ali nawo.

Kuchedwa ndi kuchepa kwa kutentha pakati pa chingwe chapamwamba ndi chapansi kumasonyezanso mmene dothi likudutsitsira kutentha, kotero chinyontho chimaonekeramo ndithu, koma mwachimbuuzi. Tsiku la mitambo limasokoneza zonse.

12 Novembala: swichi ikungozima

Mafuta apezeka pang'ono, athirira, ming'alu yatsekeka. Titayatsa, swichi ya 30 mA inazima pompo. Tinafukula polumikizira mawaya kumapeto: tepi yamatuka, madzi amchere alowa, kopa wachita ndere zobiriwira ndipo chitsulo chayamba dzimbiri. Tadula, talumikiza mwatsopano, tathira utomoni wa epoxy m'kapaipi, K9,500, ndipo polumikizirapo talikweza pa chikhomo kuti lisakhalenso m'dothi.

Zotsatira za usikuwo: mano ambiri atha chifukwa makande afufuma n'kugwiranso chingwe, koma mamita 6 akukwerabe digiri imodzi kapena ziwiri kuposa mmene ankachitira mu Sepitembala pa chinyontho chofanana. Dothi silinabwerere mmene linalili. Mamita amenewo afunika zitini zawozawo. Mbali yabwino: chichitireni kudula ngalande pakati, chingwe chapansi pa mita 50 chatsika kuchoka pa madigiri 8 kufika 5 pambuyo pothirira. Madzi akufika ku mizu.

25 Novembala: kutseka

Mitambo yayamba kusonkhana kumapiri a Thyolo. Makina a eni ake sangagone kudimba nyengo ya mvula, aliyense akukumbukira namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu 2023. Tawachotsa, tawapukuta, ali ku Blantyre. Zolumikizira za kumutu kwa chingwe tazivala tizipewa take, tazikulunga m'pulasitiki ndi timatumba toyamwa chinyezi, n'kuzitsekera m'paipi yomangirira pa nsanamira mamita awiri kuchokera pansi. Chingwe chatsala m'dothi.

Ndalama zomwe zatuluka m'thumba la ntchitoyi, osawerengera makina, chingwe ndi paipi ya kalabu, zangopitirira K700,000, ndipo pafupifupi theka lake ndi maulendo a zitini, petulo ndi ayisi. Madzi akaphwa mu Epulo tidzayamba ndi kuona ngati kuwala kukudutsabe, kenako kuyeza kuya kwa chingwe pa chikhomo chilichonse, popeza madzi osefukira amatha kuwonjezera dothi kapena kulikokolola. Mzere wachiwiri wa mamita 30, wolowetsa ndi mpeni wopendekeka uja, tidzauika m'makande okhaokha, mamita awiri kuchokera pa woyambawu, kuti Okutobala wa chaka chamawa tidzayerekeze.